Matepi Atatu a kwa Che Yusufu

Taikani kaye mafoniwo pansi, ana inu, mtedzawu sudzisenda wokha. Iwe Esinati, sendera kuno. Zonse zimene umauza mng'ono wako kuseri kwa thanki ndazimva. Makutu angawa anakalamba kunja kokha. Akuti bwenzi lako lija, Gifiti, mnyamata wamtali ngati mtengo wa magetsi, amakana kuonera nawe mafilimu oopsa. Akuti pa laputopu pakangotuluka chinthu cha tsitsi lalitali, iye amakumbukira kuti kwawo anasiya madzi pamoto. Ndiye wakonza zoti Loweruka lino umuonetse yoopsetsetsa kuti mantha athere pomwepo.

Mkazi wanga wamng'ono, ukatero udzakwatiwa ndi laputopuyo. Ntchito imeneyi ine ndinaigwirapo, ndipo inatsala pang'ono kundithetsera banja la zaka makumi atatu. Agogo anu aNaphiri, amene mukuwamva akukalipira nkhuku kuseriko, analongedza chikwama n'kukwera galimoto ya ku Chipangali chifukwa cha tepi imodzi. Usandiyang'ane choncho, iwe amene pafoni umadzitcha Esi poti akuti dzina lako ndi la nkhalamba. Senda mtedza, uzimvetsera.

Ine kanema ndinayamba kumukonda ndikuvala kabudula wong'ambika kumbuyo. Kunkabwera galimoto pabwalo la sukulu, amuna awiri n'kuzika mitengo, n'kumangirirapo nsalu yoyera. Ankayamba kutionetsa kathiridwe ka feteleza ndi kakumbidwe ka zimbudzi, ife n'kumapirira, poti pambuyo pake pankabwera azungu a pa akavalo owomberana. Mkulu wina wa kwathu ankazungulira kuseri kwa nsaluyo kukaona kumene akuika akufawo. Musaseke. Inu mumaseka nokha ndi foni pamsewu, ife sitinena kanthu.

Nditakula ndinatsegula kashedi kanga kokonzera njinga muno mu Kapata, pamene pali saluni pano. Masipoko, tcheni, machubu, manja akuda ndi girisi kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Agogo anu ndinakawatenga ku Chipangali pa njinga yomweyo. Ulendo wonse anakhala chammbali pa kaliyala atagwira masipuling'i a chishalo. Pamabampu ndinkati mwina andigwira m'chiuno, koma ayi ndithu, anasankha kugwa kawiri. Masiku amenewo mkazi sankagwira mwamuna anthu akuona. Kunyumbanso ine ndinkadya patebulo, iwo pamphasa ndi ana. Sikunali kudana. Unali ulemu, ndipo ana tinabereka asanu, ndiye musafunse zambiri.

Vuto linabwera ana atachoka. Iwe Esinati, bambo ako Limbani, amene mumamudziwa kuti ndiye woyamba wathu, anapita kukagwira ntchito ku Lusaka, enawo n'kubalalika. Nyumba inangoti zii. Limbani anatitumizira tivi ndi deki. Deki, ana inu, chinali chibokosi chomeza tepi yaikulu ngati njerwa. Filimu ikatha unkaibweza wekha kumbuyo, n'kumadikira ikulira ngati chigayo. Masiku ena inkatafuna tepiyo, ine n'kumaitulutsa ndi sipoko ya njinga.

Ndiye ndinkakhala ndekha pa sofa ya anthu atatu, agogo anu ali pakhonde kapena kukhitchini. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, choti adzakhale pambali panga. Basi. Koma mwamuna wa msinkhu wanga kutsegula pakamwa n'kunena kuti bwerani mukhale pafupi nane, kunali kovuta kuposa kuwongola gudumu lopondedwa ndi ngolo. Ndinkasungulumwa, ana inu, mkazi wanga ali m'nyumba momwemo.

Nzeru inachokera kwa Che Yusufu, mnzanga amene ankagulitsa zitsulo za njinga m'tauni. Makolo ake anachokera ku Mangochi, iye n'kubadwira konkuno. Kuseri kwa kauntala ankasunga katoni ya matepi, n'kumabwereketsa anzake. Tsiku lina ndikusankha mabuleki ndinamudandaulira mozungulira, iye n'kumva.

"Che Tembo," anatero, "aonetseni mayi filimu ya mizukwa. Munthu akaopa amasendera yekha."

Ndinafika kunyumba ndi tepi m'thumba, n'kuwauza agogo anu. Sanadzutse ndi mutu womwe.

"ATembo, ine m'chigwirizano cha amayi a kutchalitchi muja ndasambitsa maliro angati? Lero ndikaonere akufa abodza? Onerani nokha."

Ndinayesanso sabata yotsatira, yankho lomwelo. Ndinayesa kachitatu, anangoti, "Zinthu zimenezo zimadzutsa zogona." Ine mumtima ndinati, eya, awa ndi mantha basi. Sindinafunse kuti zogona zake ziti.

Tsono apa ndi pamene uyenera kutchera khutu, Esinati, poti luso lake ndili nalo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindinawakakamize. Ndinasankha Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi, mitima ikadali yodzaza ndi nyimbo. Makatani ndinatsegula onse, chitseko ndinachitsekereza ndi mwala kuti chikhale pululu, mawu a tivi ndinatsitsa. Tiyi ndinaphika ndekha, wamkaka, ndi mbatata yootcha. Limoti ndinkaiika pafupi ndi iwo kuti akafuna kuzimitsa azimitse. Tepi iliyonse ndinkayamba ndaionera ndekha kuti ndidziwe podzidzimutsa, ndipo pakayandikira ndinkakhosomola kuti akonzeke. Mafilimuwo anali a Chingerezi, ndiye ine ndinali womasulira, ndi Chingerezi changa cha pa mabokosi a zitsulo.

Patapita mwezi wathunthu ndikuphika tiyi wa anthu awiri n'kumwa ndekha, Lamulungu lina analowa ndi lichero la nyemba, n'kukhala pa kampando pafupi ndi khomo. Anati panja pali mphepo. Kunalibe mphepo.

Tepi yoyambayo inali yofewa kwambiri. Banja lina linasamukira m'nyumba yakale. Zitseko zinkatseguka zokha zikulira, makapu ankasuntha patebulo. Magazi munalibe, nkhope yoopsa munalibe. Agogo anu ankasankha nyemba, diso limodzi pa tivi. Chitseko chitalira kachisanu anati, "Mahinjesiwo akufuna girisi. Mwamuna wa nyumba imeneyo ndi waulesi." Anabwerera ku nyemba zawo. Koma anaonera mpaka mayina atayamba kukwera, ndipo nyemba zinatha kusankhidwa filimu ili pakati.

Yachiwiri inali ya mkulu wina amene anamwalira n'kumabwerera kunyumba kwake. Tsiku limenelo agogo anu anakhala pa sofa, kumapeto kwenikweni, pakati pathu pali malo a munthu wonenepa. Pamene anaonetsa maliro a mkuluyo, anaika kapu pansi.

"Tabwezani pamenepo."

Ndinabweza.

"Anthu asanu? Maliro a munthu wamkulu chonchi, anthu asanu ndi maambulera? Osagona pa siwa, osaimba, osameta, kungomuika n'kukwera magalimoto? Aaa, ayi. Ndikanakhala ine, inenso ndikanabwerera."

Kuyambira pamenepo anali mbali ya mzukwa. Ukagwetsa mbale, iwo ankati, "Eya, aphunzire." Tsono pali malo amene mkuluyo amatulukira pagalasi kumbuyo kwa mwana wake akumeta ndevu. Ndinali nditaonera kale, ndinkadziwa, ndinakhosomolanso. Koma atatulukira, amene anadzithira tiyi pa buluku la kutchalitchi ndinali ine. Agogo anu anatambasula dzanja n'kundisisita pabondo.

"Musaope, aTembo, ndilipo."

Ha! Ana inu, masana dzuwa likuswa mtengo, chitseko chili pululu, dzanja la aNaphiri pabondo langa. Sabata imeneyo ndinkamata machubu ndikuimba, mpaka makasitomala ankafunsa ngati ndayamba kumwa.

Ndiye ndinadzitama. Ndinati ntchitoyi ndaidziwa. Ndinakatenga tepi yachitatu, n'kuionera ndekha monga mwa masiku onse. Munalibe mpeni, munalibe magazi, munalibe ndi mzukwa womwe wooneka ndi maso. Munali mayi wina amene ankamva khanda likulira m'nyumba mwake, iye yekha. Ankalowa chipinda ichi, chipinda icho, kutsegula makabati, osapeza kanthu. Ine ndinati iyi ndiye yofewa kuposa zonse, ngakhale mwana angaonere.

Lamulungu limenelo agogo anu anakhala pa khushoni ya pakati. Phewa lawo linkakhudza langa. Khanda litayamba kulira ndinamva thupi lawo lauma, ine n'kumati mankhwala a Che Yusufu akugwira. Kenaka mwamuna wa mayi uja anamugwira mapewa n'kumulankhula, ine n'kumasulira mokweza, monyadira Chingerezi changa.

"Akuti, iwalani zimenezo. Palibe mwana. Mudzabereka wina."

Agogo anu sanazimitse tivi. Anaika limoti pa sofa bwinobwino, anatola makapu, n'kukatsuka. Madzulo anaphika, ndinadya, sanandiyankhule. Lolemba m'mawa ndinaona chikwama pakhomo.

"Ndikukaona achemwali ku Chipangali."

"Mubwera liti?"

"Ndikaona."

Anatenga Baibulo, yunifolomu ya chigwirizano ndi lumo lawo losokera. Mkazi wopita kukacheza masiku awiri satenga lumo.

Apa ndiyenera kukuuzani chimene makolo anu sanakuuzeni, poti enanso sachidziwa bwino. Limbani sanali woyamba. Chaka choyamba cha ukwati wathu agogo anu anali ndi pakati, ndipo monga mwa mwambo anapita kukachirira kwa amayi awo ku Chipangali. Inali nthawi ya mvula yamphamvu, mitsinje yodzaza, njira ya kuchipatala ku Tamanda yosapitika. Anabereka kumudzi konko mwana wamkazi. Anakhala masiku atatu, n'kumwalira asanatuluke m'chikuta.

Mwana wotere kale ankati ndi mtayo. Sankamuchitira maliro. Amayi achikulire okha ankamunyamula n'kukamuika pa kadzenje kosaya. Amuna sankapitako. Dzina sankamutcha. Mayi wake ankamuletsa kulira mokweza, ati akalira sadzaberekanso. Ine ndinafika tsiku lachisanu, matope mpaka m'mawondo, matewera atsopano nditamanga pa kaliyala. Akuluakulu a pamudzi anandichingamira panjira n'kundiuza, n'kundilangizanso zokanena. Ndinalowa m'nyumba, ndinapeza mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi atakhala pamphasa, maso ali gwa kukhoma. Ndinanena zimene anandiuza. Ndinati, iwalani, mudzabereka wina.

Ndipo ine ndinaiwaladi. Nkhope sindinaione, manda sindinawaone, chaka chotsatira kunabwera Limbani. Ndinkaganiza kuti tinaiwala tonse awiri.

Musaganize kuti ndinazindikira msanga. Masiku atatu ndinkazungulira m'nyumba muno ndikudzifunsa kuti kodi tiyi anali wozizira. Tsiku lachinayi ndinabweza tepi ija kuti ndione pamene panalakwika, ndikumasulira ndekha mokweza ngati wamisala. Nditafika pa mawu aja ndinamva liwu langa lomwe. Ndinazimitsa tivi. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. M'mafilimu muja ndinayeza magazi, ndinayeza mipeni, ndinayeza kukula kwa mawu a tivi, koma munthu amene ndinkagona naye chipinda chimodzi zaka makumi atatu sindinamufunse kuti kodi inu chimene mumaopa n'chiyani. Safunsa anadya phula.

M'mawa mwake ndinakweza njinga pa lole ya mtedza, ndinatsika pamphambano, kotsalako ndinapalasa. Inali nyengo ngati ino, yozizira, anthu atakolola, mtedza uli mbwee pamabwalo. Mawondo anali atayamba kale kundivuta, ndiye pazitunda ndinkatsika n'kumakankha, ana a sukulu n'kumandipitirira akundipatsa moni wachisoni.

Ndinawapeza pabwalo la achemwali awo akusenda mtedza. Alamu anga anathamanga kukatenga mpando, ine ndinakana. Ndinakhala pamphasa pomwepo, pambali pa agogo anu. Alamuwo anayang'ana ine, anayang'ana mpando, n'kukumbukira kuti ali ndi ntchito kudimba.

Tinasenda mtedza mpaka lichero linadzaza. Mawu onse amene ndinakonza pa lole anathawa. Pomaliza ndinangofunsa kuti, "Anali wotani?"

Manja awo anaima.

"Zaka makumi atatu, aTembo. Lero ndiye mwafunsa."

"Ndafunsa mochedwa. Ndinalakwa."

Kenaka anati, "Anali ndi makutu anu. Otambalala omwewo. Ndinamumvera chisoni."

Ndinaseka, misozi ikutsika. Iwo sanaseke.

"Inu mumati ndimaopa mizukwa. Ine akufa sindiwaopa, ndimawasambitsa. Koma mwana amene uja ndimamumva mpaka lero, makamaka mvula ikamagwa pamalata. Anandiletsa kulira, ndinamvera. Ndinkaopa kuti tsiku limene ndidzayambe sindidzasiya. Ndiye inu mukundiikira tiyi ndi mbatata, n'kundiuzanso mawu omwe aja, ndi pakamwa pomwe paja."

Ndinafunsa ngati akudziwa pamene anamuika. Anati iwonso sanawaonetse, koma achemwali awo anatsatira amayi aja chapatali tsiku limenelo, ndipo akudziwa.

Tinapita m'mawa mwake, atatu. Amayi achikulire amene akanandiletsa anali atapita onse, ndipo ngakhale akanakhalapo ndikanapita. Panali pansi pa mtengo wa msuku, m'mphepete mwa dambo. Panalibe mtumbira, panalibe mwala, udzu wokhawokha ndi ndowe za ng'ombe. Alamu anga analoza ndi chala n'kubwerera m'mbuyo. Agogo anu anagwada, anagwira nthaka, n'kulira. Analira maliro enieni, mokweza, mpaka anthu a m'madimba anaimika makasu. Sindinawatonthoze. Ndinagwada pambali pawo n'kuwasiya alire. Ndipo anasiya, ana inu. Dzuwa lisanafike pamutu anasiya okha, n'kupukuta nkhope ndi chitenje.

Ndipamene anandiuza kuti, "Anati tisamutche dzina. Ine ndinamutcha ndekha, tsiku lachiwiri, momunong'oneza m'khutu."

Anandiuza dzinalo. Ndinalitchula pamenepo, pansi pa msuku, ngati bambo amene akuitana mwana wake kuti abwere adzadye.

Pobwerera kumsewu ndinawakweza pa kaliyala. Tisanafike ndi pabampu pomwe, ndinamva manja awiri m'chiuno mwanga. Tinadutsa pachigayo, anthu ali mulu, manja aja osachoka. Ndinapalasa chitunda chonse osatsika, mawondo ndinawamva mawa lake.

Tepi ija ndinakaibweza kwa Che Yusufu, agogo anu osaimaliza. Anandifunsa ngati mayi anasendera, ndinati anasendera mpaka ku Chipangali, kenaka anabwerera. Matepi ena tinapitiriza kuonera. Lero agogo anu ndi amene amasankha, ndipo amasankha zoopsa zenizeni, za anthu oyenda padenga mitu ili pansi. Amaonera akudya chimanga chokazinga, akudzudzula kaikidwe ka maliro. Zikafika povuta ine ndimapita kukaona ngati nkhuku zili ndi madzi. Nkhuku za pakhomo pano sizinagonepo ndi ludzu.

Ndiye Gifiti wakoyo, yamba naye ndi ya zitseko zolira, masana, makatani otsegula, limoti m'manja mwake. Koma usanayatse chilichonse, umufunse chimene amaopa, ndipo udikire yankho ngakhale lichedwe. Mwina ndi tsitsi lalitali chabe. Mwina ayi.

Chaka chotsatira ulendo uja, Limbani anaimba foni kuchokera ku Lusaka. Anati kwabadwa mwana wamkazi, atate, tipatseni dzina. Agogo anu anali pambali panga pa sofa. Ndinawayang'ana, iwo anagwedeza mutu.

Eya, ndiwe. Tseka pakamwa, mulowa ntchentche.

Esi wakoyo umusunge pafoni, sindikuletsa. Koma pakhomo pano ndidzakuitana lonse, Esinati, m'mawa ndi madzulo, poti mwini wake analimva kamodzi kokha.